Mizere ya Masautso

Kompyuta idafika ku Mitundu itakulungidwa m'bulangeti ngati wodwala. Adaibweretsa ndi anthu a bungwe lina lothandiza alimi, naisiya mu ofesi ya Kalabu ya Fodya ya Tikondane pamodzi ndi makina osindikizira ndi katoni ya mapepala olumikizana, aja okhala ndi tizibowo m'mbali. Adati pofika nyengo yopima mabelo, makinawo azidzatulutsa matikiti omata pa belo lililonse: dzina la mlimi, kulemera kwake, mtundu wa fodya. Koma kompyuta, iwo adatero, ili ngati ng'ombe yosadziwa goli. Imafuna munthu woilembera malamulo oti izitsata, amene amati pulogalamu. Adasiya nambala ya foni ya munthu wina wa ku Blantyre, dzina lake Masautso, amene ankagwira ntchito zotere kwa anthu osawaona nkhope, kenaka adakwera galimoto yawo n'kupita.

Woyang'anira makinawo adali Rozina, chifukwa ndiye yekha adali ndi pepala la Fomu 4 ndiponso la kutayipa. Ankabwera ku ntchito ali ndi Tawina kumsana. Bambo wa mwanayo adapita ku esiteti ku Kasungu chaka cha njala chija, ndipo chipitireni sadatumize ngakhale moni. Choncho mpando wa mu ofesiwo udali ufa, udali sopo, udali phala la Tawina.

Mpandowo udali ndi ouyang'ana. Rute, mwana wa mlongo wawo wa a Tcheyamani, ankafika m'mawa uliwonse n'kukhala pa benchi ya pakhomo kumapenta zikhadabo. Ntchito adalibe. Ankangodikira, monga amachitira khwangwala pamene anthu akusenda mbuzi.

A Tcheyamani eni ake, bambo Dickson Mateyu, sadabise mawu.

"Tamverani kuno, amake Tawina. Tsiku lopima mabelo, chinthu ichi chikadzakhala chete, mpando uwo mudzausiye bwinobwino. Anthu ofuna ntchito alipo."

Rute adauzira zikhadabo zake.

Mu ofesi mudalibe foni. Pa Mitundu padali malo oimbirapo, koma mwini wake adali wa chipani china, ndipo a Mateyu adati sangakambire nkhani za kalabu pa waya wa adani. Ku Nathenje kudali mlamu wawo, mayi Felesiya, amene adali ndi foni ndi kompyuta yolandira imelo. Ulendo wake udali wa minibasi ziwiri: ina yokafika pa mphambano ya ku Bunda, ina yotsika msewu wa ku Dedza. Ulendo woyamba adapita onse, a Mateyu patsogolo pafupi ndi dalaivala, Rozina kumbuyo pakati pa thumba la makala ndi bambo wina wotsokomola, akumufunditsa Tawina chitenje kumphuno.

A Mateyu ankagwira foni motalikitsa ndi khutu, ngati ingawalume, kotero kuti onse m'chipindamo ankamva.

"Ndinu a Masautso? Muli bwanji? Ine musanandidziwe, ndakhalapo kapitawo pa esiteti ku Malingunde, nthawi imene anthu ankagwira ntchito, osati za matipate zanuzi. Waganyu sindimulipira ndisanayende m'ndime yake. Ntchito yanuyi imapimidwa bwanji?"

"Imapimidwa ikagwira ntchito, bwana."

"Ayi, ayi, zimenezo ndi zokamba akuba. Ndikufunsa kuti mukakhala pansi m'mawa, mumalima chiyani?"

"Ndimalemba malamulo a kompyuta, mzere ndi mzere, mpaka..."

"Mizere!" A Mateyu adamenya tebulo, Tawina n'kudzidzimuka. "Nanga bwanji osanena kale? Mlamu, mwamva? Ndi mizere basi! Ndiye tizilipirana pa mzere, monga achitira anthu onse."

Ku Blantyre kudamveka kakutsokomola kofanana ndi kuseka.

"Mwaganiza bwino, bwana?"

"Ndidayamba kupima mizere inu musanabadwe."

"Chabwino, bwana. Khasu ndanola kale."

Kuyambira pamenepo Rozina adasanduka mthenga. Sabata iliyonse ankapita ku Nathenje, mayi Felesiya n'kumuikira ntchito ya Masautso pa disiketi, iye n'kubwerera nayo ku Mitundu ataimanga m'kansalu pachifuwa kuopa fumbi. Akafika ankaisindikiza yonse. A Mateyu ankatenga pepala lolumikizanalo n'kulitambasula pakhonde, miyala m'makona, kenaka n'kumayenda m'mbali mwake ndi ndodo, manja kumbuyo, nkhope yakugwa. Mawu ake sankawerenga, pakuti magalasi awo adasweka pa msonkhano wa kampeni. Ankangoona kaimidwe ka mizere.

"Amake Tawina, tabwerani. Ichi n'chiyani?"

"Ndi mzere, bwana."

"Mzere wa timawu tiwiri? Uku n'kukanda kwa nkhuku. Nanga iyi? Uwu wayambira kuno, uwu walowa m'kati, winawu walowa m'kati kwambiri, kenaka abwereranso. Munthuyu amalima ataledzera? Pa esiteti mizere yokhota chonchi tinkagumula ndi mwendo, munthu n'kuyambiranso dzuwa lili paliwombo. Mukamuuze: mizere iwongoke, ndipo uliwonse uzifika kumalire a pepala."

Rozina adakanena, koma mochepetsa mchere.

"Achimwene, akuti mwina mungawongoleko pang'ono."

"Achemwali, kukhotako ndiye kumandithandiza kuona lamulo limene lili m'mimba mwa linzake. Ndikawongola ndisochera ndekha."

"Ine ndangotumidwa."

"Ndipo akufuna italiitali?"

"Yofika kumalire."

"Pa mzere, pa mzere?"

"Eya."

"Ambuye awadalitse a Tcheya," adatero Masautso. "Auzeni kuti mvula yagwa bwino kuno."

Sabata yotsatira pepala lidadutsa khonde, n'kutsika masitepe, n'kukafika pa mtengo wa mbawa. Mizere yonse idali yowongoka ngati asilikali, yodzadza mpaka m'mphepete. A Mateyu adaitana anthu odutsa kuti adzaone. Rozina powerama kuti achotse mwala adawerengako pang'ono pakati pa Chingerezi ndi zizindikiro. Padali mawu a Chichewa. Mzere wina udati: uwu ulibe ntchito koma a Tcheya aukonda. Wotsatira udati: uwu ndi wa ndiwo za Lachitatu. Rozina adapondapo ndi phazi mpaka a Mateyu atadutsa.

Koma mtima wa kapitawo sugona. Waganyu wosamuona amaba nthawi, a Mateyu adatero, ndipo mwina amabwereka mizere ya eni ake. Tsono adalamula kuti Rozina aziimba mwadzidzidzi, tsiku losapangana, ndi kumuuza Masautso kuti aike foni pafupi ndi makina ake.

"Mukamve khasu likulira. Likamalira mofooka mudzandiuze."

Rozina ankaima m'kachipinda ka mayi Felesiya foni ili kukhutu, kumamvera kuti khete khete khete kuchokera ku Blantyre, kwinaku akugwedeza Tawina. Tsiku lina adamva khete khete pamodzi ndi kutafuna.

"Achimwene, mukudya?"

"Dzanja limodzi chinangwa, lina khasu. Mwana ali bwanji? Ndikumumva chifuwa."

"Ndi fumbi la m'minibasi."

"Pepani. Ine ndili ndi ana awiri, ndikudziwa."

Pulogalamuyo inkagwira ntchito, koma mwa nkhalamba. Ukailembera dzina inkayamba yalira m'mimba, kanyale kofiira kakuphethira, ngati ikukumbukira maliro akale. Ukaifulumizitsa inkauma gwa, osayankhanso mpaka uzimitse magetsi. Rozina adaiphunzira monga adaphunzirira kulira kwa Tawina, kuti uku ndi njala, uku ndi thewera. Adadziwa kuti batani lalikulu limafuna kulidina kawiri, koma kachiwiriko pokhapokha kanyale katasiya kuphethira. Adadziwa kuti ikatentha imafuna kuipepesa ndi chikatoni. Adadziwanso kuti imadana ndi mayina okhala ndi kachizindikiro kam'mwamba kaja. Ukangolemba Ng'oma, kapena M'bwana, kapena Mang'anda, basi yakomoka. Ndipo mu kalabumo a Ng'oma adalipo mudzi wathunthu. Iye ankalemba Ngoma, tikiti ikatuluka n'kuikapo kachizindikiroko ndi cholembera.

Tsiku lina ali kuseri kusintha thewera, adamva makina akulira kuti tiii osaleka. Adathamanga n'kupeza Rute ataimirira pakona, manja m'mwamba.

"Ine sindinaigwire! Ndangolemba dzina la chibwenzi changa!"

"Ndani?"

"Patson Ng'ambi."

Rozina adazimitsa, nayatsanso, naipepesa ndi chikatoni. Tsiku limenelo adadya chimanga chake chootcha mosathamanga.

Kutatsala pang'ono kuti mabelo ayambe kubwera, Rozina adapeza mayi Felesiya akumudikira pakhomo.

"Mnzanu wa ku Blantyre waimba kale kawiri. Akuti nkhani yabwino."

Mawu a Masautso tsiku limenelo adali opanda nthabwala.

"Achemwali, zandikwana. Dzulo mnzanga wina waona zimene ndakhala ndikutumizazi, waseka mpaka kugwetsa mpando. Ine ndinapita kusukulu, dzina langa lili pa chinthu chimenechi. Ndiye ndakhala pansi ndalemba ina, yoyenera. Ndi yaifupi, masamba awiri okha. Sindikufunapo kanthu, imeneyi ndi ya ulemu wanga. Taiyesani pompo."

Mayi Felesiya adamupatsa mpando. Rozina adalemba Ng'oma, ndi kachizindikiro kake komwe, nadina batani kamodzi. Asanachotse chala, tikiti idaoneka yonse, yoyera, dzina lili bwinobwino. Adalemba M'bwana. Chimodzimodzi. Adalemba Mang'anda mofulumira dala, molakwitsa, ndipo makinawo adangomufunsa mwaulemu ngati watsimikiza. Mapewa ake, amene adakhala ali m'makutu chifikireni kompyuta ija, adatsika. Adabwerera pa foni akuseka.

"Achimwene, mwalodza chiyani?"

"Ndangochotsa udzu. Tsopano simudzavutikanso. Imeneyo ngakhale mwana wa Sitandade 5 atha kuiyendetsa. Aliyense, ngakhale wongodutsa pamsewu."

"Aliyense?"

"Aliyense, achemwali. Mukhoza kudwala mwezi wathunthu, ofesi osadziwa n'komwe kuti kulibe munthu."

Rozina adathokoza. Adasindikiza masamba awiriwo, natenga disiketi, namangira Tawina kumsana. Pa mphambano ya ku Bunda, podikira minibasi yachiwiri, adagula nthochi koma sadaidye. Rute adafika Fomu 2. Adalephera, inde, koma adafika. Kudina batani kamodzi ngakhale ndi zikhadabo zosauma utha. Ndipo a Mateyu, amene ankadandaula mwezi uliwonse kuti mlongo wawo sakuwapatsa mtendere, akadzaona tikiti ikutuluka ngati mbewa yothawa utsi, adzafunsa funso limodzi lokha: nanga pepala la Fomu 4 tikulilipiriranji?

Adaganiza zoponya disiketiyo m'ngalande. Koma Masautso akadadzafunsa, ndipo mayi Felesiya adaona zonse, mlamu wawo wa a Mateyu. Chinthu chobisa chimanunkha. Kuli bwino kuchipereka ndi manja awiri.

Adapeza a Mateyu pakhonde akumwa thobwa, Rute ali pa benchi yake. Rozina adagwada, natambasula masamba awiriwo pansi, pamalo pomwe pankagona pepala lalitali lija. Adaika mwala pa tsamba lililonse. Kenaka adabwerera m'mbuyo, maso pansi.

"Ena ali kuti?" adafunsa a Mateyu.

"Ndi omwewa, bwana."

"Ndikuti mizere yanga ili kuti?"

"Akuti agumula."

"Agumula?"

"Akuti yambiri inali udzu. Ndiye agumula, atsala ndi iyi. Akuti tizigwiritsa ntchito imeneyi, yakale ija titaye."

A Mateyu adaika chikho pansi pang'onopang'ono. Adaimirira, natenga ndodo, nayenda m'mbali mwa masambawo. Ulendo wake udatha ndi phazi limodzi. Adawerama. Mizere idali yokhota, ina yolowa m'kati, ina ya timawu tiwiri.

"Munda wanga," adatero ndi mawu a munthu woferedwa. "Munda umene ndalipira ine, wofika pa mbawa apo. Munthu ndamulemba ganyu, walima, ndamulipira, ndiye abwere mwakachetechete adzasalaze? Ati udzu? Ndiye kuti ine Mateyu ndakhala ndikulipira udzu?"

"Ine sindikudziwa, bwana. Ine ndimangotayipa."

"Amalume, mwina tiiyese kaye," adatero Rute.

Rozina adatsina Tawina pang'ono pa ntchafu, pang'ono zedi, ndipo mwanayo adalira mokweza.

"Tiyese chiyani?" adakalipa a Mateyu pamwamba pa kulirako. "Iwe udalimapo? Mizere iwiri ingadyetse mudzi? Amake Tawina, tonthozani mwanayo, mawa tikupita ku Nathenje."

Ku Nathenje a Mateyu adalankhula ataimirira. Adamuuza Masautso za esiteti ya ku Malingunde, za matenanti amene adawathamangitsa mvula ikugwa, za ufulu umene waononga achinyamata. Adati mwayi wake ndi woti Blantyre ili kutali, akadakhala pafupi akadamulanda khasu pamaso pa anthu. Masautso adayesa kulowetsapo mawu.

"Bwana, koma mwaiyesa? Ingoiyesani kamodzi."

"Sindilawa ndiwo za wakuba! Ganyu watha. Musadzaimbenso, ndipo mizere yanga yakale musaikhudze, ili ndi ine."

"Ndipatseniko achemwali aja."

A Mateyu adamuponyera Rozina foni n'kutuluka kukapuma mpweya. Mayi Felesiya ankapukuta tebulo loyera kale.

"Achemwali, simunawauze kuti ikugwira ntchito?"

"Sanandifunse."

"Koma munaona ndi maso anu. A Ng'oma anatuluka bwinobwino."

"Ndinaona."

Ku Blantyre galimoto ina idaliza hutala.

"Kodi alipo wina amene akufuna mpando wanu?"

Rozina adayang'ana kukhomo. "Nthawi ya foni ikutha, achimwene."

Masautso adaseka, koma osati monga kale. "Ndamva. Ine ndi amene sindinafunse. Batani lija muzidina kawiri, musaiwale. Mwana mumugulire mankhwala a chifuwa."

Pobwerera, mayi Felesiya adamukankhira Rozina paketi ya bisiketi m'chitenje. "Ya mwana," adatero, osamuyang'ana. "Mlamu wangayu ndimamudziwa ine. Ndipo Rute ndimamudziwanso."

Tsiku lopima mabelo ngolo zidayamba kufika dzuwa lisanakwere. Sikelo idapachikidwa pa mbawa. Belo likapimidwa, mlimi ankalowa mu ofesi n'kutchula dzina, Rozina n'kulemba, n'kudina, n'kudikira kanyale, n'kudinanso. Makina ankabuula. Mlimi ankasintha mwendo woimira. Tikiti ikatuluka, kunja kunkamveka mpumo wa anthu ambiri.

Pofika masana mzere wa anthu udadutsa chigayo n'kukafika kumsewu. Ng'ombe zinkagona m'magoli. Bambo wina wachikulire adasuzumira pawindo.

"A Tcheya, chaka chatha ndi cholembera tinali titaweruka nthawi ino!"

"Cholembera chimadumpha," adayankha a Mateyu, akuyendayenda ndi ndodo. "Ichi sichidumpha. Chikuyenda mzere uliwonse, umodziumodzi, mpaka kumalire. Mukufuna ntchito kapena mukufuna liwiro?"

"Tikufuna kukadya!"

"Ndi matipate amenewo. Aliyense pakamwa."

Anthu a bungwe aja adafika ndi galimoto yawo yoyera. Mayi wina wovala magalasi adaima kumbuyo kwa Rozina kwa nthawi, akuyang'ana kudina kawiri kuja, chikatoni, ndi kachizindikiro koikapo ndi cholembera. Adafunsa ngati alipo wina amene angathe kuyendetsa makinawo.

"Palibe!" adatero a Mateyu monyadira. "Mitundu yonse, mpaka ku Dzalanyama, palibe. Chinthu ichi n'chozama, mayi. Mwana wa mlongo wanga adangochikhudza, chidalira ngati nkhumba. Amake Tawina okha ndiwo chimawamvera." Adatembenukira ku benchi. "Iwe Rute, m'malo mongokhala, kawagulire amake Tawina fanta."

Rute adanyamuka, zikhadabo zili m'mwamba, nkhope ngati wamwa mankhwala a malungo.

Rozina adamasula Tawina kuti amuyamwitse podikira kanyale. Mwanayo adakana bere. Adamugwira pamphumi ndi kuseri kwa dzanja, kenaka pakhosi, kenaka pamimba. Thupi lidali lotentha ngati mbale ya pamoto, ndipo kupuma kwake kunkalira kam'kati. Chipatala chidali pafupi, kungodutsa msika. Akadathamanga akadapeza adokotala asanatseke.

"Bwana, mwanayu watentha thupi. Ndithamangire kuchipatala, ndibwera msangamsanga."

A Mateyu adayang'ana mwanayo, nayang'ana makina, nayang'ana pawindo pamene nkhope za alimi zidadzadza mpaka kutchinga dzuwa. Adamumwetulira mokoma mtima, monga sadachitirepo n'kale lonse.

"Amake Tawina, mukachoka inu, pamenepo akhalapo ndani?"

Kanyale kadasiya kuphethira. Rozina adadina kachiwiri.

"Wotsatira," adatero. "Dzina?"